Nsanja Yanga ya ku Spring Valley

Ndine kalipentala. Ndiyambire pomwepo, chifukwa zaka zonse zimene ndidakhala ku Nairobi anthu ankandidziwa kuti ndine dalaivala, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi wina wa iwo amandifunsa ngati ndimayendetsabe. Galimoto ndinkayendetsa, sindikana. Koma ntchito imene manja angawa adaphunzira ndi ya matabwa.

Amene adanditengera ku Kenya adali mnzanga wa ku sekondale. Tidakhala desiki imodzi zaka zinayi, tinkagona chipinda chimodzi, ndipo tsiku lina ndidaswa mphuno ya mnyamata wa Folomu 4 chifukwa adamulanda nsapato. Mayeso atatuluka iye adapita ku yunivesite, ine ndidapita kukaphunzira kupala matabwa. Patapita zaka adapeza ntchito m'bungwe lina lalikulu la maiko ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1990 adamutumiza ku Nairobi. Asananyamuke adandipeza kwathu ku Dedza ndili m'kati mokhoma chitseko cha munthu.

"Aise, siya zimenezo," adatero. "Ndikufuna munthu wakwathu pakhomo. Uziyendetsa galimoto, china chikathyoka uzikonza. Tiye."

Ndidapita. Adamupatsa nyumba ku Spring Valley, dera la mitengo italiitali ndi mipanda ya maluwa, kumene sumva ngakhale kulira kwa tambala. Ine ndinkakhala m'kanyumba ka kuseri. Pagulu ndinkamutcha bwana, n'kumamutsegulira chitseko. Tikangotsala awiri m'galimoto tinkabwerera ku sekondale: aise, iwe, chitsiru iwe. Mkazi wake ndinkamutcha alamu, naye ankanditcha chimodzimodzi.

Chaka china a ku ofesi adamutumiza ku China ku msonkhano. Ndidakamutenga ku bwalo la ndege. Za msonkhano sadanene kanthu njira yonse. Titangofika kunyumba adayala zithunzi pa boneti, masutikesi akadali m'buti.

"Taona izi, iwe umadzitcha kalipentala."

Zidali nsanja. Iye adati amazitcha mapagoda. Denga pamwamba pa denga linzake, mpaka asanu ndi awiri, lililonse lochepera kuposa lapansi pake, ngodya zake zopindikira m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe. Zithunzi zina zidali za milatho yokhota ngati msana wa mphaka wokwiya. Pachithunzi chimodzi madzi adali bata, ndipo mlatho ndi chithunzithunzi chake m'madzimo zidapanga chinthu chobulungira bwino ngati mwezi. Ndidachigwira nthawi yaitali chimenecho.

"Yamatabwa iyi," adaloza imodzi, "akuti ilibe msomali ngakhale umodzi."

"Akunamiza."

"Ndafunsa kawiri."

"Akunamiza kawiri."

Adaseka, n'kutulutsa chithunzi chimene adajambula ataima pansi penipeni pa denga. Pamenepo ndidasiya makani. Timatabwa tatifupi tambirimbiri, tolowana tokha, kena kunyamula kanzake, kanzakeko kunyamula tiwiri, mpaka denga lonse kukhala pa timanja ta mtengo. Mwini wake amene adaganiza zimenezo ndikadamuona ndikadamugwira chanza ndi manja awiri.

"Ungathe?" adafunsa mnzanga uja.

"Mtchaina ali ndi manja angati?"

Kuseri kwa nyumba munda unkatsetserekera ku kamtsinje kakang'ono kamene munthu ukhoza kukadumpha. Tidagwirizana kuti ndimange nsanja ya madenga atatu patsidya pake, ndi mlatho wofikira pamenepo. Iye ndiye adasankha malo. Adayenda yekha ndi nsapato za ku ofesi m'matope n'kuzika kamtengo pansi, amvekere: "Apa."

Ntchito imeneyo idandidya pafupifupi chaka chathunthu, chifukwa ndinkaigwira ndikamutula ku ofesi, n'kuisiya ikakwana nthawi yokamutenga. Buku ndidalibe, mphunzitsi ndidalibe. Ndidali ndi zithunzi zija ndi galasi lokulitsira zinthu limene alamu ankawerengera malemba ang'onoang'ono. Matabwa ndinkakasankha ndekha kumsika. Mafundi a kumeneko, akalipentala anzanga a Chikenya, ndikawajambulira pansi chimene ndikufuna ankangopukusa mitu. Mmodzi adandiuza kuti ndigule misomali ngati munthu wanzeru ndisiye kuzunza mtengo. Ndidamuyankha m'Chichewa mawu amene sindingawalembe pano.

Denga loyamba lidandikana katatu. Ngodya ikati ipindikire m'mwamba, thabwa n'kung'ambika. Tsiku lina ndidaponya chizulo mumpanda wa maluwa, ndipo ndidatha ola lonse ndikuchifufuza, minga ikundibaya, ndikudzitukwana. Pambuyo pake ndidazindikira kuti supinda thabwa limodzi ayi. Umasanja angapo, lililonse lotulukira pang'ono kuposa linzake, ndipo diso la munthu ndi limene limaona kukhota. Tsiku limene ngodya yoyamba idakhala, ndidakhala pansi pa udzu n'kumangoiyang'ana ngati mwana wanga woyamba.

Mnzanga uja sadandisiye ndekha, ndisamunamizire. Akaweruka ankavula tayi, kupinda malaya, kudzandigwirira thabwa. Manja ake adali ofewa ngati a mwana wakhanda, ndipo ndinkamuseka. Penti wofiira adasankha ndi iye. Timabelu tating'ono topachika m'ngodya adabwera nato ndi iye, akuti pazithunzi tilipo ndiye pathu tisasowe. Nsanja itatha idatalika kuposa anthu awiri oberekana. Mlatho udali wosavuta poyerekeza. Ndidaumaliza m'masabata asanu, ndipo alamu adajambulitsapo tsiku lomwelo atavala chitenje chatsopano.

Akabwera azungu a ku ofesi kwake ankawatsogolera kumundako tiyi asanazizire. Ndinkamumva akuwauza kuti wamanga ndi mnzake wa ku sukulu, popanda msomali. Ankandiitana kuti ndiwaonetse mmene timatabwa tija talowerana. Sindibisa, ndinkakondwa. Zaka zonsezo ndidali munthu wotsegula geti. Tsopano anthu ankandifunsa mafunso n'kumadikira yankho.

Dothi lofiira la ku Nairobi lili ndi chiswe chosamva. Mvula itangoyamba ndidaona timizere ta dothi tikukwera nsichi imodzi. Ndidamuuza. Tsiku lotsatira adatuluka mu ofesi ndi paketi ya mankhwala a chiswe, oyera ngati ufa woyera, imene adagula yekha nthawi ya nkhomaliro.

"Uwaze kwambiri," adatero. "Chikadya nsanja yanga ndikudya iwe."

Ndidawaza mozungulira nsichi zonse zinayi. Otsala ndidawathira m'mbale yakale yachitsulo n'kuika m'kati mwa nsanja, pashelefu yam'mwamba pang'ono, kuti mvula isawanyowetse ndiponso galu asawafikire. Lidali Lachisanu.

Amalawi a ku Nairobi tinkakumana kamodzi pamwezi, Lamulungu masana, kupemphera m'Chichewa. Tinkasinthana makomo. Ankabwera mabwana a m'mabungwe ndi akazi awo, komanso ana a sukulu a ku Kahawa amene ankafika atasintha maminibasi atatu kapena anayi, amene kumeneko amati matatu, ena mwa iwo Asilamu, obwera kudzamva chilankhulo chakwawo ndi kudzadya chakudya chenicheni. Lamulungu limenelo idali nthawi ya pakhomo pathu. Lidalinso tsiku losankha wapampando watsopano wa gululo, ndipo aliyense ankadziwa kuti mnzanga uja akuufuna mpandowo. Adaunena m'galimoto mwezi wonse mpaka makutu anga adatopa.

Pagulupo padali amayi ena a ku Lang'ata, akuluakulu ndithu, amene ankatsogolera amayi onse. Akayamba kupemphera mbalame zinkathawa mumtengo. Iwo akakana munthu, ndiye kuti amayi onse amukana.

Mapemphero atatha anthu adatuluka kuti awongole miyendo chisankho chisanayambe. Ine ndidali kugeti ndikusuntha magalimoto. Kamphepo kadawomba, timabelu tidalira kumunda. Posakhalitsa ndidamva mawu a amayi aja.

"Abale inu! Tabwerani mudzaone kuno!"

Ndidaganiza kuti akondwera ndi nsanja ija. Ndidapukuta manja, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti ndisaoneke ngati wofuna kutamandidwa. Ndidapeza gulu lonse laima pa udzu, palibe wowoloka mlatho. Amayi aja okha ndiwo adali patsidya, mbale ija ili m'manja, atayitalikitsa ndi thupi lawo. Ankafunsa mwini nyumba.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

"N'chokongoletsa chabe, amayi. Ku China amamanga choncho."

"Chokongoletsa chimadya ufa?"

Anthu adayamba kung'ung'udza. Amayiwo adaloza pansi pa nsichi.

"Ine ndakulira kumudzi, musandipusitse. Kachisi ndimamudziwa. Kanyumba kopanda wogonamo, ufa m'munsi mwa nsichi, mbale ya nsembe m'kati. Inu mwangowonjezerapo penti ndi mabelu. Ndiye ife takhala tikuimba nyimbo za Mulungu uko, kuno mizimu ikutiimbira mabelu?"

Bambo wina adafunsa kuti kodi ku China komweko amasungamo chiyani m'nsanja zotere. Mtsikana wina wa ku yunivesite, wosafuna choipa chilichonse, adayankha kuti adawerenga kuti zambiri zimakhala pa akachisi, ndipo kale ankasungamo mafupa a anthu oyera a chipembedzo chawo. Amayi angapo adabwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa.

"Wamanga ndani?" adafunsa amayi a ku Lang'ata.

Mnzanga uja adandiloza ndi mutu. Osati ndi dzanja, ndi mutu.

Ine ndidaseka. Nkhaniyo idali yoseketsa, ndipo ndinkadziwa kuti itha ndi mawu awiri.

"Amayi, amenewo ndi mankhwala a chiswe. Mukanyambita chala chimene mwawakhudziracho, lero lomwe tiimba nyimbo zina."

Ana a sukulu adaseka. Amayiwo sadaseke. Adandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Dedza."

"Eeee," adatero, n'kutembenukira kwa anzawo.

Aliyense wakwathu akudziwa chimene "eeee" ameneyo ankatanthauza. Wa ku Dedza, ndiye wa gule, wa kudambwe, wothira nsembe. Ine amene ndidabatizidwa ndili khanda, amene ndidaimba besi m'kwaya zaka khumi. Koma ndidadzigwira.

"Musavutike ndi kwathu, amayi. Funsani abwanawa. Mankhwalawo anagula ndi iwo Lachisanu, anandipatsa m'manja mwangamu. Nsanjayi anaifuna ndi iwo, malo anasankha ndi iwo, mabelu anabwera nawo ndi iwo. Bwana, auzeni."

Anthu onse adamuyang'ana. Adavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Adawapukuta nthawi yaitali. Ndinkamudziwa munthu ameneyu kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndidaona kuti akuwerenga manja amene akwezedwe pachisankho.

"Kunena zoona, abale," adatero, "ine za kumunda kuno sindizitsata kwenikweni. Ndimachoka m'mawa, kubwera madzulo. Ndinangomuonetsa zithunzi za paulendo, ndiye munthuyu amakonda kupanga zinthu zake. Za ufazi ndikuziona lero ngati inu nomwe."

Ufa. Adanena kuti ufa, ndi pakamwa pake.

Zimene zidachitika kenako sindinyadira, koma sindizibisa. Ndidawoloka mlatho, ndidalanda mbale m'manja mwa amayi aja, n'kubwerera nayo mpaka pamphuno pake.

"Iwe! Ukuti chiyani iwe? Ngati ndi ufa, alamu tengani mphika tiphike phala, ayambe kudya ndi mwamuna wanuyu! Wabodza iwe! Paketi yake unandipatsa utavala tayi yomweyo!"

Palibe amene adandimvapo ndikumutcha iwe. Kwa iwo adali dalaivala akutukwana bwana wake pamaso pa alendo. Ndidamenyetsa mbale pansi, fumbi loyera lidauluka, anthu adabalalika akutsokomola. Amayi a ku Lang'ata adakweza manja.

"Mwaona? Amene akulankhulayu si iye ayi. Tiyeni tipemphere!"

Adayamba pomwepo, ena n'kumavomera. Alamu adayang'ana pansi. Ine ndidapita m'kanyumba kanga n'kumenyetsa chitseko. Patapita ola ndidamva kuwomba m'manja kuchokera pabalaza. Adamusankha.

Lolemba m'mawa mnzanga uja adalowa m'galimoto, n'kukhala kutsogolo monga mwa masiku onse. Tidayenda mpaka pamsewu wa Lower Kabete.

"Aise," adayamba, "zijazi uzimvetse. Ndi ndale za mpingo chabe. Ukadangokhala chete zikadazizira zokha."

Ndidaimitsa galimoto pambali mwamphamvu mpaka chikwama chake chidagwa. Matatu ya kumbuyo idatiimbira hutala, kondakitala akutukwana m'Chiswahili.

"Unagula mankhwala aja kapena sunagule?"

"Ndinagula, nanga ndi nkhani?"

"Ukanene pamaso pa onse tikadzakumananso."

"Iwenso ganiza. Ndangosankhidwa kumene. Ndikaime n'kunena kuti ndinanama?"

"Eya. Unanama."

Adayang'ana pawindo. Adati tichedwa ku ofesi.

Lachitatu adandituma ku Nakuru kukasiya makalata, ulendo wa tsiku lonse. Sindidaganize kanthu, chifukwa ankanditumako nthawi zina. Ndidabwerera dzuwa likadalipo. Ndikutsegula geti ndidaona lole ikutuluka, itadzaza matabwa ofiira.

Ndidathamangira kumunda. Padatsala zitsa zinayi za nsichi, zodulidwa ndi sowo. Pa udzu padali tizidutswa tambirimbiri. Ndidatola kamodzi, kamtengo ka pangodya kamene ndidakasema masiku atatu, kataphwanyidwa pakati ndi nyundo. Nsanja imeneyo ikadatha kuphwasulidwa bwinobwino kuyambira pamwamba, thabwa ndi thabwa, popanda kuthyola kalikonse. Ndikadaiphwasula ndekha tsiku limodzi, n'kuimanga mitolo, n'kudzaiimika kwina. Adadziwa zimenezo. Adandigwirira matabwa ake ndi manja ake. Koma adaitana anthu a nyundo ndi zitsulo zokanulira, n'kundichotsapo kaye.

Mlatho adausiya. Udangoima pamenepo, wopita kopanda kanthu.

Alamu adatuluka n'kuima pakhonde.

"Pepani, alamu," adatero motsitsa mawu. "Amayi aja anati sabweranso pakhomo pano chikadalipo."

"Nanga mlathowu? Ulibe mizimu?"

"Anati mlatho ulibe vuto."

"Chifukwa mumajambulitsapo?"

Adabwerera m'nyumba. Ndidachita manyazi pang'ono, chifukwa si iye adanama. Koma naye adaiona paketi ija patebulo lake, ndipo pakamwa adali napo.

Mnzanga uja tsiku limenelo adabwera pa takisi. Sadalowe m'nyumba mwake. Adabwera molunjika ku kanyumba kanga, n'kuima pakhomo. Ndidali nditakhala pabedi ndikupukuta zida zanga ndi mafuta, chimodzichimodzi, kuti manja akhale ndi chochita, chifukwa akadapanda chochita akadamupeza iye.

"Ndalankhula nawo," adatero. "Nkhani yatha. Palibe amene akufuna kuti uchoke. Angopempha chinthu chimodzi."

"Chiyani?"

"Mwezi wamawa tikakumana ku Lang'ata. Ukangogwada pang'ono akupempherere. Mphindi zisanu basi. Ukatero zonse zaiwalika."

"Andipempherere chiyani?"

"Ukudziwa kale."

"Nena. Ndikufuna ndimve pakamwa pako."

"Kuti umasuke ku zakwanu zija."

Ndidaika pansi puleni imene ndinkapukuta, pang'onopang'ono. Ndikagwada ndiye kuti ndavomera. Ndiye kuti kuyambira tsiku limenelo Mmalawi aliyense wa ku Nairobi, mpaka ana a sukulu a ku Kahawa, azidzanena kuti dalaivala uja ankathira nsembe m'munda mwa abwana ake, adachita kumutulutsa ziwanda. Nkhani zotere zimakwera ndege. Ikadafika ku Dedza ine ndisanafike, kwa mayi anga, ku mpingo umene udandibatiza.

"Ukagwade ndiwe," ndidatero. "Wabodza ndiwe. Ine ndikagwira Baibulo."

"Ukuvuta bwanji? Ntchito uli nayo, nyumba uli nayo. Matabwa okhaokhawo?"

Ndidaimirira. Adabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndipo ndidaona kuti akuopa kuti ndimumenya. Ndidafunadi. Ndidatulutsa makiyi a galimoto m'thumba, ndidamugwira dzanja, kulitambasula, kuwaika m'menemo, n'kulitseka ndi langa.

"Mawa mudzayendetse nokha, bwana."

Ndidatseka chitseko iye akadali pomwepo. Adagogoda kawiri, adaitana aise kamodzi, kenako ndidamva nsapato zake pamiyala.

Lachinayi ndidalongedza. Alamu adatumiza wantchito wa kukhitchini ndi mkate ndi nkhuku yowotcha ya paulendo. Ndidalandira, chifukwa njala sindidayambane nayo. Lachisanu m'mawa mlonda wa pageti adandithandiza kunyamula bokosi la zida mpaka pamsewu, ndipo ndidakwera basi yodzera ku Tanzania. Bokosilo ndidalikana kuti lipite pamwamba. Ndidakangana ndi kondakitala mpaka adatopa, ndipo lidayenda pamiyendo panga masiku atatu.

Ku Dedza ndidatsegula shedi yanga pafupi ndi msika. Ndimakhoma zitseko, mabedi, mabokosi a maliro. Mnzanga uja adandilembera kalata kamodzi, masamba awiri, za nyengo ya ku Nairobi ndi za ana ake, kuti gulu likukula ndipo onse akupereka moni. Ndidaiwerenga mpaka pansi kufunafuna mzere umodzi wokha. Mudalibe. Sindidayankhe.